Mwana Wamkazi Nayenso Angathe Kupanga Makina

Amayi anzanga, kodi munayamba mwaima ndi kuyang'anitsitsa galimoto ya mawaya imene ana amayendetsa pabwalo? Ili ndi chiwongolero, mateyala ake ndi zitsekero za mabotolo, ndipo ikafika pokhota imakhotadi. Koma taonani amene wagwira chiwongolerocho. Kawirikawiri amakhala mnyamata. Mlongo wake ali kumjigo ndi ndowa pamutu, kapena wabereka khanda kumsana. Sabata ino tiyeni tikambirane za mipikisano ya luso lopanga makina imene ana a sukulu amachita m'maiko ambiri, tione ngati mwana wamkazi alibe malo m'menemo.

Mpikisano wina waukulu umatchedwa FIRST Global Challenge. Anauyambitsa ndi Dean Kamen, katswiri wopanga makina wa ku America, ndipo unachitika koyamba mumzinda wa Washington m'mwezi wa July 2017. Kunasonkhana ana ochokera m'maiko oposa 150. Ana ake ndi a zaka 14 mpaka 18, ndipo ntchito yawo ndi kupanga loboti. Apa sitikunena maloboti a pamsewu oimitsa magalimoto ayi, koma kamakina ka mateyala kamene kamayenda, kutola zinthu ndi kuziika pamalo pake momvera malangizo amene anawo alemba pa kompyuta.

Chosangalatsa nchakuti gulu lililonse limalandira bokosi la zipangizo zofanana: zitsulo, mateyala, timainjini ta magetsi ndi mawaya. Potero dziko lolemera ndi dziko losauka amayambira pamzere umodzi, chotsala ndi nzeru ndi khama. Chaka chilichonse amasankha vuto limodzi losautsa anthu. Mu 2017 vutolo linali la madzi. Pabwalo anamwazapo timipira tobiriwira ngati thambo toimira madzi abwino ndi tina ta mtundu wa lalanje toimira zonyansa, ndipo loboti inayenera kutilekanitsa m'mphindi ziwiri ndi theka. Magulu atatu a maiko osiyana amaikidwa mbali imodzi kuti athandizane, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Pa mpikisano woyambawo panali atsikana asanu ndi mmodzi ochokera mumzinda wa Herat ku Afghanistan. Kawiri konse anayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 800 kupita ku Kabul kukapempha chilolezo cholowera m'dziko la America, ndipo kawiri konse anakanizidwa. Bokosi lawo la zipangizo nalonso linachedwa kufika, kotero kuti anatsala ndi masabata awiri okha opangira loboti, pamene anzawo anali ndi miyezi. Nkhani yawo itamveka padziko lonse, analoledwa kulowa kutangotsala masiku owerengeka. Anapikisana, nabwerera kwawo ndi mendulo ya siliva yolemekeza kulimba mtima kwawo.

Luso limenelo silinathere pa masewera. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utavuta, atsikana a gulu lomwelo anayesa kupanga makina othandiza wodwala kupuma pogwiritsa ntchito zitsulo za magalimoto akale a Toyota Corolla. Koma mu 2021 a Taliban analanda boma, ena mwa atsikanawo anathawira ku Qatar ndi ku Mexico, ndipo ana aakazi a m'dzikomo analetsedwa kupita ku sekondale. Amayi, kumeneko chitseko anatseka ndi a boma. Kuno kwathu chitseko cha sukulu nchotsegula, koma nthawi zina timachitseka ndife eni, ndi mtondo, nkhuni ndi mbale zosatsuka.

Mpikisano wina ndi wa atsikana okhaokha, dzina lake Technovation, umene unayamba mu 2010. Atsikana amapanga gulu losapitirira anthu asanu, nasankha vuto la m'dera lawo, ndipo kwa miyezi itatu amaphunzira kupanga pulogalamu ya pafoni yothandiza kulithetsa. Mu 2018, atsikana asanu a pa sukulu ya Regina Pacis mumzinda wa Onitsha ku Nigeria anapambana anzawo onse a msinkhu wocheperapo pa mpikisano womaliza ku California. Anapanga pulogalamu yotchedwa FD-Detector yothandiza munthu kuzindikira mankhwala achinyengo. Ndani wa ife amene sanaguleko mankhwala pamsika mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati ndi enieni? Ana amenewo anaona zimene zimasautsa amayi awo, nazisandutsa phunziro.

Mwina wina anganene kuti, "Izo nza ana a m'tauni, ife kuno kulibe ngakhale magetsi." Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Anayamba kubwereka mabuku m'kanyumba kowerengeramo, ndipo buku lina lotchedwa Using Energy linamuonetsa chithunzi cha makina oyendera mphepo. Ali ndi zaka 14, anasonkhanitsa mitengo ya bulugama, njinga yakale, dayinamo, mapaipi a pulasitiki ndi chitsulo cha thirakitala, napanga makina amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Ambiri ankati mwanayo wapenga. Mu 2014 anamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America. Iyeyo panalibe mpikisano umene unamuitana, koma anali ndi chinthu chimodzi chimene ana athu aakazi amachisowa: nthawi yokhala pansi ndi kuyesa, kulephera, ndi kuyesanso.

Nanga ife tingachitepo chiyani? Choyamba, tigawe ntchito za pakhomo mofanana. Mnyamata akatunga madzi manja sathothoka, ndipo mlongo wake apezako ola limodzi la masamu ndi sayansi. Chachiwiri, tochi kapena wailesi ikafa tisaitaye msanga; timpatse mwana aitsegule, aone zili m'katimo. Koma tichenjere, azisewera ndi mabatire a tochi okha, magetsi a m'nyumba ndi oopsa ndipo amapha. Chachitatu, pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi tisangokhala duu kumbuyo. Tiimirire mwaulemu tifunse kuti, "Aphunzitsi, kodi pano pali kalabu ya sayansi? Nanga muli atsikana angati?" Ngati palibe, magulu athu a amayi angathe kusonkha kangachepe kogulira mawaya, mababu ndi mabatire, monga momwe timasonkhera pa chikwati ndi pa maliro. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pomaliza, tisamale lilime lathu. Mawu akuti "zimenezo nza amuna" amalowa mumtima mwa mwana nakhazikika zaka zambiri. Si mwana aliyense amene adzakwere ndege kukapikisana kunja, koma mtsikana wozolowera sipanala adzakonza mjigo wa m'mudzi mwanu ukawonongeka, m'malo modikira miyezi kuti abwere wina wochokera kuboma. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Madzulo ano, mwana wanu wamkazi akasendera kumene alongo ake akupinda mawaya, musamuitane kukhitchini msanga. Mbale zidikire pang'ono.