Galimoto ya Nyumba Ikanyonyomala Kumbuyo

Kumaiko a ku Ulaya kuli anthu ambiri amene, pofuna kuyenda maulendo ataliatali osavutika ndi kufunafuna pogona, amagula galimoto yomangidwa monga nyumba, m'mene muli kama, mbaula, thanki ya madzi ndi kachimbudzi komwe. Ndipo zambiri mwa izo zimamangidwa pa chasisi ya galimoto zonyamula katundu, monga Ford Transit, imene inayamba kupangidwa mu 1965, kapena Fiat Ducato ya mu 1981. Koma pamene galimoto ya katundu imasenza m'mawa ndi kutula madzulo, masipuling'i ake napumula usiku wonse, galimoto ya nyumba situla mtolo wake ngakhale tsiku limodzi, ingakhale itaima pabwalo nyengo yonse ya chisanu. Chotero pakutha kwa zaka zambiri mudzaipeza itanyonyomala kumbuyo monga mlendo wothodwa.

Masipuling'i a kumbuyo ndiwo zitsulo zazitali zaphanthi, pena chimodzi chokha, pena zingapo zosanjikizana, zopindika ngati uta. Ndipo uta umenewo ukaongoka chifukwa cha kutopa, thupi lonse la galimoto limatsika. Nyali za kutsogolo zimayamba kuthobwa m'maso anzanu pamsewu, chiwongolero chimapepuka m'manja, galimoto imadzandira lole ikaipitirira, ndipo pokwera m'sitima yowolotsa galimoto panyanja kumbuyo kumakhula pansi. Mukagwada ndi kusuzumira kunsi, mudzaona kampira koletsa ekiselo kugunda chasisi kataphwanyika, ndipo pamene kamagunda pali mbuu, dzimbiri lonse litapalika.

Ambiri amathamangira kugula ma shock absorber atsopano, nataya ndalama zawo pachabe, pakuti ntchito ya zipangizo zimenezo ndiyo kuziziritsa kudumphadumpha, osati kusenza katundu. Ine ndinena kuti mankhwala oyamba ndiwo sikelo. Dzazani thanki, longedzani zonse monga mukupita paulendo, ndipo kayezetseni ekiselo iliyonse payokha, mulinganize ndi manambala olembedwa pa kachitsulo kamene opanga galimoto anakhomerapo. Pang'onopang'ono ndi mtolo: malita 100 a madzi ndiwo makilogalamu 100, ndipo pamenepo simunawerengere mabatire, gasi wophikira, mipando ndi njinga. Galimoto zambiri zoterezi malire ake ndi makilogalamu 3,500, amenenso ali malire a laisensi wamba ku Britain kwa amene anakhoza mayeso oyendetsa kuyambira chaka cha 1997.

Chimene chimanyenga eni ake koposa ndicho katundu wopachikidwa kumbuyo kwenikweni. Tinene kuti pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo pali mamita 3, ndipo mwapachika njinga zolemera makilogalamu 60 pa mtunda wa mita imodzi ndi theka kuseri kwa ekiselo ya kumbuyo. Pamenepo ekiseloyo idzamva makilogalamu 90, ndipo matayala a kutsogolo, amene mumakhotera ndi kuimira nawo, adzapepukidwa ndi makilogalamu 30.

Katundu akachepetsedwa koma galimoto n'kukhalabe chinyonyomalire, ndiye kuti zitsulo zatha. Alipo amisiri amene amazipindanso kapena kuonjezapo chitsulo chimodzi, koma zopindidwanso zisanaotchedwe bwino m'ng'anjo sizichedwa kuongokanso, ndipo kuonjeza chitsulo kumaumitsa kayendedwe kufikira mbale kulira m'makabati. Njira yokhalitsa ndiyo kuika masipuling'i atsopano mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, pamodzi ndi timipira ta kumapeto kwake ndi mabawuti opindika amene amawamangirira ku ekiselo, pakuti akalewo anatamuka kale ndipo sayenera kubwezeredwapo. Mabawuti a patimipira amangidwe kotheratu galimoto itaima kale pa matayala ake, chifukwa akamangidwa ili m'mwamba, timipirato timakhala topotoka ndi kung'ambika msanga.

Palinso matumba a mpira opopedwa mpweya, amene amaikidwa pakati pa ekiselo ndi chasisi, ndipo ndimawayamikira ndithu, popeza mwini amaonjeza kapena kuchepetsa mpweya molingana ndi katundu, nawongola ngakhale mbali imodzi yolemedwa ndi thanki. Komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: matumbawo akhoza kuimika bwino galimoto imene chitsulo chake n'chothyoka, ndipo kuwaika kokha sikukweza malire a kulemera olembedwa pa kachitsulo kaja, kapena mphamvu ya matayala ndi mabuleki.

Mukatsiriza ntchito ndi kuyenda ulendo woyamba, bwererani kunsi mukakungenso manati a mabawuti opindika aja, pakuti zitsulo zatsopano zimakhazikika ndipo manati amakhwepa. Ndipo ndikupemphani, musagone kunsi kwa galimoto yolemera chotere itatsamira pa jeke yekha. Ichirikizeni ndi zoimikira zachitsulo pamalo olimba ndi athyathyathya, matayala a kutsogolo mutawaphinga.