Masabata 7 tikuphikira pansi pa mtengo wa mango

Titagulitsa soya chaka chatha, ine ndi mayi a kunyumba tidagwirizana kuti ndalama yoyamba ipite ku khitchini. Khitchini yathu ku Linthipe, m'boma la Dedza, idali ya zidina, yofolera ndi udzu, yopanda zenera. Mwaye unkalendewera kudenga, ndipo aliyense wophikamo ankatuluka maso ali psuu, akutsokomola. Mmisiri atabwera kudzaona adati ntchitoyo ndi ya masabata awiri basi. Idatenga masabata 7, ndipo pomwe inkatha tidali titataya mbewu ya chimanga chamakolo chomwe apongozi anga akhala akudzala zaka zambiri.

Khitchini yatsopanoyo ndi yabwino ndipo sindinong'oneza bondo kuti tidaimanga. Chomwe ndidazindikira mochedwa n'chakuti pakhomo pa mlimi khitchini imasunga zambiri kuposa miphika. M'menemo mumakhala mbewu, ufa, nkhuni, phulusa, ngakhale thadzi lofungatira mazira. Mukaigumula musadaganize komwe zonsezi zipite, vuto lake limakupezani kumunda.

Chomwe tidaigumulira

Chifukwa choyamba chidali utsi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni adamwalira ndi matenda obwera kamba ka mpweya woipa wa m'nyumba, makamaka utsi wa pophikira. Ovutika kwambiri ndi amayi ndi ana aang'ono, chifukwa ndiwo amatandala pamoto, mwana ali kumbuyo mayi akuvundula nsima.

Chifukwa chachiwiri chidali nkhuni. Moto wa pamafuwa umathawira m'mbali, ndiye mtolo wa nkhuni suchedwa kutha, pomwe kokatola kukutalikira chaka ndi chaka. N'chifukwa chake mu 2013 boma lidalengeza kuti likufuna mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni zifike m'makomo pofika 2020. Yodziwika kwambiri ndi Chitetezo Mbaula, yadothi yootcha, yomwe mutha kuinyamula. Ina ndi Changu Changu Moto yomwe bungwe la Ripple Africa lidafalitsa kuyambira ku Nkhata Bay. Iyo imamangidwa ndi zidina 26 ndi matope, ndipo imaphika miphika iwiri nthawi imodzi.

Ife tidasankha mbaula yomangira pansi ya miphika iwiri yokhala ndi chumuni, khoma lokwera pang'ono, mazenera awiri oyang'anizana ndi denga la malata.

Tidayamba mochedwa

Ndalama tidaigwira mu Juni koma khitchini tidaigumula kumapeto a Ogasiti, zidina zisadakwane n'komwe. Uku kudali kulakwa koyamba. Mmisiri ankamanga mizere ingapo n'kuima kudikira kuti zidina zina ziume. Kenako adapeza ntchito ya nyumba yaikulu mudzi wina n'kusowa masiku 9. Pofika Okotobala khoma lidali litatha koma denga kulibe, ndipo mvula ya chizimalupsa idatipeza chomwecho. Idakokolola matope a pakhoma la kummawa, ife n'kulipiranso kuti akonze. Nthawi yomwe ndikadakhala ndikugalauza mizere ndi kututa manyowa ndidaithera poyendera mmisiri.

Mlimi amene akufuna kukonza khitchini awerengere chobwerera kuchokera pa mvula yoyamba. Zidina muumbe mvula ikangosiya, mu Meyi kapena Juni, ndipo ziume zonse. Ngati mufolera ndi udzu, mwetani mu Juni kapena Julayi moto wolusa usadadutse. Khitchini yakale muigumule pokhapokha zidina, mchenga, mitengo ya denga, malata ndi misomali zili pakhomo. Ntchito yonse ithe Seputembala asadathe, kuti Okotobala akupezeni muli kumunda.

Mbewu ya apongozi

Kudenga la khitchini yakale kunkalendewera zitsononkho za chimanga chamakolo zomangidwa ziwiriziwiri ndi makoko ake. Pansanja pamwamba pa moto padali mawere, nthangala za maungu, nyemba za mbewu m'chikho ndi zikwatu za mfutso. Makolo athu ankadziwa chomwe ankachita. Utsi ndi kutentha zimaumitsa mbewu ndipo zimathamangitsa anankafumbwe, komanso khoswe savutikira chinthu chomwe chili pamwamba pa moto.

Tsiku logumula ndidatsitsa zonsezi mwachangu, n'kuziika m'thumba lakale la feteleza, n'kukaliponya pakona m'chipinda momwe mudali matumba a chimanga chakudya. Ndinkati ndi za masabata awiri okha. Patatha mwezi apongozi adaitana mwana wawo n'kumuuza kuti, "Kawafunse akamwiniwo, mbewu yanga ija adaiika pati?" Titamasula thumbalo tidapeza makoswe atadya mitima ya chimanga, chotsalacho chili mabowo okhaokha a anankafumbwe. Mfutso udali utachita chuku chifukwa thumba lidali pansi penipeni.

Apongozi sadandikalipire, koma chimanga chimenecho ndicho ankachidalira pa mphale ndi ufa woyera, ndipo m'masitolo a zipangizo zaulimi simungachipeze. Tidachita kukapempha mbale imodzi kwa mng'ono wawo mudzi wina, ndipo chaka chino tikuchulukitsa pa kamunda ka kuseri kwa nyumba.

Chofunika kuchita musadachotse udzu woyamba ndi ichi. Tsitsani mbewu zonse, muziyanike padzuwa mpaka njere izimveka kuti gwa mukailuma. Tongolani chimanga, musankhe njere zabwino, muziike m'chigubu kapena m'ndowa yotseka bwino kuti mpweya usalowe. Matumba a PICS, aja a magawo atatu, amagwiranso ntchito imeneyi popanda mankhwala, chifukwa tizilombo timafa tikasowa mpweya. Nyemba ndi khobwe mutha kuzisakaniza ndi phulusa losefa monga ankachitira makolo. Mtedza wa mbewu muusiye m'makoko ake. Zonsezi zikhale pa thandala kapena pa matabwa, osati pansi, komanso zitalikirane ndi khoma. Mbewu yothira mankhwala ilembedwe bwino ndipo isayandikane ndi ufa, chifukwa pa nthawi ya chipwirikiti chotere mwana atha kutenga thumba lolakwika kupita nalo kuchigayo.

Kumbukiraninso kuti khitchini ya chumuni sidzakusungiraninso mbewu. Utsi womwe mwauthamangitsa ndi womwewo unkalondera zitsononkho zija. Choncho njira yatsopano yosungira mbewu ndi ya zaka zonse, osati ya nthawi yomanga yokha. Mvula ikayandikira yesani mbewu yanu: dzalani njere 100 pamalo onyowa, ndipo ngati patatha masiku 7 mpaka 10 zamera zosakwana 80, funani mbewu ina nthawi ikadalipo.

Kuphikira panja

Tidasamutsira mafuwa pansi pa mtengo wa mango osamangapo chilichonse. Mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala idatilanga. Moto unkapita kumbali, madzi a nsima ankachedwa kuwira, ndipo nkhuni zomwe tidasungira dzinja zidatha theka. Fumbi linkagwera m'ndiwo. Nkhuku zinkajompha ufa m'lichero, ndipo mbuzi ina idagwetsa mphika wa nyemba zomwe zidakhala pamoto m'mawa wonse.

Choopsa kwambiri chidachitika sabata yachitatu. Mwana wathu wa zaka ziwiri adathamangira mayi ake n'kupunthwa pa chikuni chotulukira pamafuwa. Phala lidatayikira pansi pafupi ndi phazi lake, madontho ochepa okha n'kumugwera. M'khitchini muli khoma ndi chitseko zotchinga mwana, koma pabwalo moto uli panjira ya aliyense. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20 ndipo thamangirani naye kuchipatala. Musapakepo dzira, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano.

Tsiku lomwelo tidamanga chisakasa chomwe tikadamanga poyamba: mitengo 6, mpanda wa mapesi mbali zitatu kutchinga komwe mphepo imachokera, ndi kachitseko ka nsungwi. Tidachimanga kutali ndi nkhokwe komanso denga la udzu, chifukwa nthawi imeneyi chilichonse n'chouma ndipo kamoto kamodzi kouluka katha kupsereza chakudya cha chaka chonse. Tidagulanso Chitetezo Mbaula, yomwe idachepetsa nkhuni nthawi yomweyo ndipo inkayaka bwino ndi zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Ndowa ya madzi inkakhala pafupi, ndipo usiku tinkazimitsa moto wonse.

Kunja kukazizira kapena mvula ikagwa mudzafuna kulowetsa mbaula ya makala m'nyumba. Musayerekeze kutero m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosaoneka komanso wosanunkha, ndipo anthu amafa ali m'tulo. Ngati palibe kuchitira mwina, phikirani pakhonde.

Zaukhondo nazo zimasokonekera pophikira pakasamuka. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matendawa amafala kudzera m'madzi ndi chakudya. Mangani thandala la mbale pafupi ndi chisakasa, vindikirani madzi akumwa ndi chakudya, ndipo ndowa zomwe amisiri akutungira madzi a matope zisakhale zomwe mukumwera. Ufa ukhale m'nyumba m'ndowa yotseka, muzitapa wa tsiku limenelo wokha.

Ndalama ndi mmisiri

Kulakwa kwina kudali kupereka ndalama yochuluka poyamba popanda cholembera. Mmisiri atasowa tidalibe pogwira. Gwirizanani mtengo wa ntchito yonse, mulembe papepala pali mboni, ndipo muzilipira m'magawo: maziko akatha, khoma likatha, denga likatha. Mugwirizanenso ngati chakudya cha amisiri chili kwa inu, chifukwa anthu atatu akudya nsima masana aliwonse kwa mwezi amatsitsa thumba la ufa msanga. Madzi omangira nawonso ndi ntchito. Ngati simudakambirane, amene azitunga ndi mayi yemweyo amene akuvutika kuphikira panja.

Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti ndi malata yakhala ikusinthasintha, choncho gulani zonse nthawi imodzi ndalama ikadali m'manja. Simenti muisunge pouma, pamwamba pa matabwa. Chachikulu, patulani ndalama ya feteleza ndi mbewu musadagule lata ngakhale limodzi, ndipo musaikhudze. Ife tidatapako kuti timalize denga, ndipo feteleza wobereketsa tidathira wochepa kuposa momwe tidakonzera.

Simukuyenera kutentha uvuni wa njerwa kuti mumange khitchini. Mu 2018 boma lidaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Lamulolo silikhudza khitchini ya pakhomo, koma n'zosamveka kugwetsa mitengo yootchera njerwa pomanga khitchini yoti ipulumutse nkhuni. Zidina zimakhalitsa ngati maziko ndi a miyala kapena simenti, okwera kuposa pomwe madzi amayenda, ndipo denga latulukira mokwanira kuti mvula isamenye khoma.

Zogumula zili ndi ntchito

Udzu wakale wa mwaye tidauponya m'dzenje la kompositi m'malo moutentha. Zidina zomwe sizidasweke tidamangira khola la nkhuku, moti thadzi lomwe linkafungatira pakona pa khitchini lidapeza pokhala. Mitengo ya denga lakale yodyedwa ndi chiswe idasanduka nkhuni. Phulusa lonse la m'chisakasa tinkalisunga m'thumba pouma, ndipo lidagwira ntchito popanga manyowa a Mbeya, omwe amasakaniza ndowe, gaga, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi n'kuzisunga m'thumba lotseka kwa masiku 21. Milingo yake funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Musathamangire kusonkha moto

Denga litatha tidatopa kudikira. Mbaula yomangira ija tidaisonkhera moto waukulu patangopita masiku atatu, ndipo idang'ambika kuchokera pakhomo la nkhuni mpaka pa chumuni. Tidaikonzanso, ulendo uno n'kuisiya masabata awiri kuti iume yokha, kenako n'kuyamba ndi moto waung'ono. Simenti ya pansi nayo imafuna kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7 kuti ilimbe. Chumuni chitulukire pamwamba pa denga, pomwe chaboola lata pamatidwe bwino, ndipo muzichotsa mwaye kawirikawiri, apo ayi utsi ubwerera m'khitchini.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Matope athu adali masabata 7 a fumbi m'ndiwo, feteleza wopunguka ndi mbewu ya apongozi. Lero mayi a kunyumba amaphika nsima ndi ndiwo nthawi imodzi maso ali bwinobwino, ndipo mtolo wa nkhuni ukukhalitsa. Mlamu wanga akuti akagulitsa mtedza chaka chino nayenso agumula yake. Ndamuuza kuti ayambe wamanga chisakasa ndi kutsekera mbewu m'chigubu, ndipo zidina aziwerenge kawiri mmisiri asadakwere padenga.