Kusambira pansi pa madzi oundana: khomo ndi limodzi lokha

M'miyezi ya February ndi March, nyanja ya Baikal ku Siberia, m'dziko la Russia, imaundana pamwamba moti galimoto zimayendapo. Nyanjayi ndi yakuya kuposa zonse padziko lapansi, mamita 1,642. Nyengo yozizirayi ndi yomwe anthu ena amaboola madzi oundanawo, omwe amakhuthala pafupifupi mita imodzi, n'kulowa pansi atabereka mabotolo a mpweya. Ena amakopeka ndi kuyera kwa madziwo, ena ndi asayansi ofufuza zamoyo za m'madzi, monga amachitiranso anzawo ku McMurdo Sound ku Antarctica.

Mwina mukudabwa kuti bwanji nyanja yonse siundana. Madzi opanda mchere amalemera kwambiri akafika pa madigiri 4, choncho amatsikira pansi pomwe oundana amayandama. N'chifukwa chake pansi pake pamakhala madzi a madigiri apakati pa 0 ndi 4. Ku McMurdo Sound, komwe madzi ndi amchere, amazizira mpaka madigiri -1.9.

Thupi la munthu limagwira bwino ntchito pa madigiri 37, koma madzi amalanda kutentha mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Munthu akalowa m'madzi otere osadziteteza, amayamba kupuma mwabefu, mtima n'kumagunda mothamanga. Pakapita mphindi zochepa zala zimauma, sangathenso kumanga mfundo kapena kutsegula chilichonse. Kutentha kwa thupi kukatsika kupitirira madigiri 35, amakhala ndi vuto lomwe achipatala amalitcha hypothermia: amanjenjemera, lilime limalemera, maganizo amasokonekera, mapeto ake amakomoka. Choopsa n'chakuti mwiniwake nthawi zambiri sazindikira kuti mutu wasiya kugwira. Pofuna kupewa izi, osambirawa amavala chovala chosalowa madzi, m'kati mwake muli zovala zotentha.

Zipangizo nazo zimavutika. Mpweya ukamatuluka m'botolo momwe unapanikizidwa, umazizira kwambiri. Kachipangizo kopumira kakhoza kuundana n'kusiya kutseka, mpweya wonse n'kutha m'mphindi zochepa. Pachifukwachi amatenga kachipangizo kachiwiri koyima pakokha.

Komabe chachikulu ndi denga lomwe lili pamutu pawo. Wosambira ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear zikamuvuta, amakwera pang'onopang'ono n'kutulukira paliponse. Pansi pa madzi oundana, potulukira ndi bowo lomwe analowera basi, ndipo akangosunthako pang'ono lingaleke kuoneka. Kuswa dengalo ndi manja n'kosatheka.

Choncho aliyense amamangidwa chingwe, ndipo kumtunda kumakhala mnzake wochigwira nthawi yonse. Awiriwa amalankhulana pokoka chingwecho m'njira yomwe anagwirizana kale. Pambali pamakhalanso wina wovaliratu zida, wokonzeka kulowa ngati zavuta. Bowolo kawirikawiri limadulidwa la ngodya zitatu kuti munthu apeze pogwira potuluka. Mpweya amaugawa patatu: gawo lopitira, lobwerera ndi losungira ngozi. Chingwe chikaduka, lamulo ndi lakuti akwere mpaka padenga, akhale malo amodzi n'kudikira womufunafuna. Kuyendayenda kumangomutalikitsa ndi bowo komanso kumamuthera mpweya.

Wozizidwa kwambiri akatulutsidwa, amafunika kumugwira mosamala atagona, chifukwa mtima wozizidwa suchedwa kusokonekera. Muvuleni zonyowa, mumufunditse zouma kuyambira pachifuwa, m'khosi ndi kumutu. Musamutikite manja ndi miyendo, ndipo musamupatse mowa poti umatsegula mitsempha ya pakhungu, kutentha n'kumatayika kwambiri. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, chakumwa chofunda chotsekemera chimathandiza. Ngati wasokonezeka mutu kapena wasiya kunjenjemera akadali wozizira, thamangirani naye kuchipatala. Thandizo lomweli ndi loyenera kwa aliyense amene wavuulidwa m'madzi atakhalitsamo, ngakhale madziwo asakhale oundana.