Malonda a nzeru pa foni: kodi angatheke kwa Chowe?

M'misika yambiri ya m'boma la Mangochi simulephera kupeza kachipinda komwe mnyamata amakhala ndi kompyuta ndi sipika yaphokoso, anthu n'kumabwera ndi memori khadi kuti awaikire nyimbo, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa kapena ulaliki wa shehe amene amamukonda. Munthu amalipira n'kumapita, koma pa shelufu palibe chachoka, ndipo mawa mnyamata uja adzagulitsanso nyimbo zomwezo kwa wina. Kunja malonda a mtundu umenewu anakula n'kusamukira pa intaneti, ndipo amene amagulitsa ndi mwini nzeruzo: amalemba kabuku, kujambula phunziro la mawu kapena la kanema, n'kuligulitsa kwa aliyense wolipira. Kampani ya Amazon inatsegulira olemba wamba njira yotere mu 2007, ndipo Udemy, komwe anthu amagulitsa maphunziro a kanema, inayamba mu 2010. Funso n'lakuti kodi munthu wa kwa Chowe, m'mbali mwa nyanja ya Malombe, angapeze nawo kangachepe? Angathe, koma pokhapokha atazindikira kuti wogula wa kuno sapereka ndalama chifukwa cha fayilo. Amapereka chifukwa cha munthu amene amamudziwa, amene amalankhula chiyankhulo chake, ndiponso amene angamuyankhe zinthu zikavuta.

Njira yolipirira ndi yoperekera katundu ilipo kale. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba wa TNM n'kutsatira mu 2013, ndipo lero maejenti ali paliponse pomwe pali msika. Wogula amatumiza ndalama, n'kutumiza uthenga wotsimikizira kuti walipira, wogulitsa n'kumulowetsa m'gulu la WhatsApp kapena kumutumizira phunziro. Sipafunika akaunti ya kubanki kapena kirediti khadi. Umboni woti anthu akumudzi amafuna uphungu kudzera pa foni nawonso sitisowa. Chipatala cha pa Foni chinayambira m'boma loyandikana nalo la Balaka mu 2011, amayi n'kumaimba kufunsa za pakati ndi za ana, mpaka ntchitoyo inafalikira dziko lonse n'kukhala m'manja mwa boma. Alimi nawo akhala akuimba pa M'chikumbe 212 kumvera malangizo a ulimi. Zonsezi n'zaulere kapena zotsika mtengo kwambiri, koma zimatiphunzitsa chinthu chimodzi chimene ofuna kugulitsa ambiri amachiphonya: anthu amamvera kuposa kuwerenga. Kwa Chowe ambiri amalankhula Chiyao pakhomo, Chichewa kumsika, ndipo si onse anapita patali ndi sukulu. Kabuku ka masamba 40 ka m'Chingerezi kangakhale kokongola chotani, wogula wake kuno kulibe. Mawu ojambulidwa a mphindi zisanu m'Chiyao, otumizidwa pa WhatsApp, mayi amatha kuwamvera akusankhula nsomba pa thandala.

Nanga chogulitsacho n'chiyani? Apa m'pamene dera la kunyanja lili ndi mwayi umene a m'tauni alibe. Chambo cha m'Malombe chinatha mochititsa mantha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo n'chifukwa chake mu 1993 kunakhazikitsidwa makomiti a m'madoko oti asodzi aziyang'anira nawo nyanja yawo. Kuchokera nthawi imeneyo, moyo wa pa doko watsamira pa nsomba zing'onozing'ono, kambuzi ku Malombe ndi usipa ku nyanja yaikulu, zomwe phindu lake limadalira kwambiri kasamalidwe kake zikangotuluka m'madzi. Mayi amene wakhala zaka makumi awiri akufutsa usipa amadziwa mchere wokwanira m'madzi ofutsira, amadziwa nthawi yovuulira nsomba isanayambe kunyenyeka, amadziwa chochita mvula ikagwa masiku atatu motsatizana usipa uli pa thandala, ndiponso kalongedzedwe koti katundu akafike ku Limbe osaphwanyika mitu. Mtsikana wa ku Zomba kapena ku Lilongwe amene watenga ngongole ku banki m'khonde kuti ayambe geni ya nsomba sadziwa chilichonse mwa izi, ndipo ulendo woyamba wokha ukhoza kumudyera mpamba wonse. Kwa iyeyu, kulipira ndalama yochepa kuti amve kwa mayi uja, ndi kumufunsa nsomba zikayamba fungo, n'chinthu chanzeru. Nzeru zotere sizili m'buku lililonse, ngakhale ku sukulu ya za usodzi ya ku Mpwepwe amaphunzitsa zambiri zothandiza. Chimodzimodzi mmisiri wokhoma maboti, wokonza injini za maboti, kapena mphunzitsi wa masamu amene ana ake amakhoza bwino mayeso a MANEB.

Wina anena kuti zonsezi n'kutaya nthawi, chifukwa phunziro likangofika pa foni imodzi, mawa lili pa mafoni zana popanda wolipira. Izi n'zoona ndithu, ndipo aliyense amene anaonapo manotsi a MSCE akuyenda m'magulu a WhatsApp akudziwa. Lamulo loteteza umwini wa zolemba ndi zojambula lilipo, linakonzedwanso mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira. Koma tisanamizane, mayi wa pa doko sangathamangitse munthu aliyense amene wagawira mnzake mawu ake. Chomuteteza chenicheni ndi mtundu wa katundu amene wasankha kugulitsa. Phunziro la kafutsidwe ka usipa likhoza kukopedwa, koma mtengo wa usipa pa doko m'mawa uno, kapena chenjezo loti mwera wavuta ndipo maboti sanalowe, mawa lake n'zosathandizanso, choncho wofuna kuzimva pa nthawi yake ayenera kukhala m'gulu. Yankho la funso la munthu mmodzi, loyankhidwa atatumiza chithunzi cha nsomba zake, silikopeka n'komwe. Wogulitsa wochenjera amalola kuti phunziro loyamba liyende laulere, likhale ngati kulawitsa kumene wogulitsa mango amachita pamsewu, ndalama n'kumatolera pa kulowa m'gulu mwezi ndi mwezi. Akatero, wogawira mnzake phunziro uja wamutsatsira malonda.

Pali wogula winanso amene ambiri samuganizira. Boma la Mangochi, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, limadziwika ndi anyamata ake ambiri amene ali ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town. Amenewa ali ndi mafoni amakono, amakhala pa intaneti tsiku lonse, ndipo anazolowera kutumiza ndalama kwawo kudzera ku Mukuru ndi njira zina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, randi yawo inayamba kugula zambiri kuno. Bambo amene ana ake akukulira ku Johannesburg amafuna kuti anawo asataye Chiyao ndiponso aphunzire kuwerenga Qur'an kwa mwalimu wakwawo amene amamukhulupirira. Wina akufuna kugula boti ndi ukonde ali kutali, ndipo akusowa womuuza zoona za mitengo, ziphaso, ndi miyezi imene nyanja imatsekedwa. Winanso akhoza kulipirira mng'ono wake wa Folomu 4 maphunziro apadera a pa foni. Anthu amenewa sangagule kwa mlendo wa pa Facebook, koma kwa munthu amene amadziwa mudzi wake ndi amalume ake amatha kugula mosakayika.

Chotsutsa china n'cholemera kuposa choyamba chija cha kukopera phunziro: kodi n'koyenera kugulitsa nzeru kwa anthu osauka, pomwe alangizi a boma amapereka ulere, ndipo makolo athu ankaphunzitsana popanda malipiro? Nkhawa imeneyi ndi yomveka, makamaka poona mmene malondawa aipitsidwira ndi anthu olonjeza chuma cha msanga. Pa Facebook pali ambiri ogulitsa maphunziro a forex ndi ndalama za pa intaneti, ojambulitsa atatsamira galimoto, omwe ndalama zawo zenizeni zimachokera kwa ophunzira omwewo. Amenewo ndi akuba, ndipo lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi milandu ya pa intaneti liyenera kuwagwira. Koma kuba kwawo sikuchotsa ufulu wa mmisiri woona kulipidwa. Mwana wophunzira utelala kapena ukalipentala wakhala akulipira mphunzitsi wake kuyambira kale, ndipo palibe anaona chachilendo. Alangizi ndi ochepa, madoko ndi ambiri. Malire ake ndi omveka: uphungu wa matenda, chenjezo la kusefukira kwa madzi ndi malamulo a usodzi zikhale zaulere kwa aliyense, koma luso lopangira ndalama limene munthu walivutikira zaka zambiri akhoza kuliika mtengo, bola zomwe akuphunzitsazo akhale kuti amazichita yekha ndipo anthu akhoza kukamuona akuzichita.

Chovuta chimene sichingathe ndi nzeru za wogulitsa yekha ndi mtengo wa bandulo, netiweki yodukaduka m'midzi ya kuseri kwa mapiri, ndi magetsi omwe nyumba zambiri zilibe, moti foni imakachajidwa kumsika kapena pa kasola. Izi zimachepetsa msika, ndipo amene akuganiza zosiya usodzi kapena uphunzitsi kuti azidya za pa foni zokha akudzinamiza. Chomwe zimalamula ndi kapangidwe ka katunduyo: mawu m'malo mwa kanema, mphindi zochepa, fayilo yaing'ono yoti itsike ngakhale netiweki ili yofooka. Amayi ambiri odziwa ntchito ya nsomba alibe foni yamakono, pomwe achinyamata omaliza Folomu 4 ali ndi foni koma alibe chophunzitsa. Awiriwa akhoza kugwirizana, wina n'kumalankhula, wina n'kumajambula ndi kuyendetsa gulu, koma agwirizane pamaso pa mboni za kagawidwe ka ndalama, ndipo nambala yolandirira malipiro ikhale ya mwini nzeruyo.