Kupota Thonje Pamodzi ndi Luzi la Chidede

Alimi a fodya a ku Namwera ndi madera ena a Mangochi adziwa kuti chingwe chosokera fodya chimadya ndalama chaka ndi chaka. Ena pothawa mtengo amasolola ulusi wa matumba a fetereza. Kutero nkudzipweteka, pakuti ulusi wa pulasitiki ukapezeka m'belo, ogula ku okushoni ya ku Limbe amalibweza. Chingwe chabwino mungathe kupota nokha.

Luso limeneli si lachilendo. M'chaka cha 1859 David Livingstone anapeza anthu a m'chigwa cha Shire alikupota thonje ndi kuomba nsalu, ndiponso asodzi a kunyanja ankaluka maukonde awo ndi luzi, nayiloni isanafike.

Thonje ndi lofewa, koma ulusi wake ngwaufupi, ngati inchi imodzi. Luzi la m'mapesi a chidede kapena therere ndi lalitali ndi lolimba, koma lokhakhala. Ziwirizi zikasakanizidwa bwino, chimodzi chithandiza chinzake.

Chitani motere. Dulani mapesi asanaume, muwamange m'mitolo, ndi kuwaviika m'madzi sabata imodzi kapena awiri, kufikira khungwa liyamba kusendeka lokha. Viikani mumgolo kapena m'dzenje, osati m'nyanja, kuopa ng'ona ndi likodzo. Sendani luzi, mulitsuke, muliphike m'madzi a chidulo kuti lifewe, ndi kuliyanika pamthunzi.

Pamene ambiri alakwa ndi apa. Luzi lalitali siligwirana ndi thonje lalifupi: thonje limaunjikana pamodzi, chingwe nichiduka pamalo pamene chaonda. Chifukwa chake dulani luzi m'tizidutswa ta mainchi awiri, chotsani njere m'thonje, ndipo mupese zonse pamodzi kufikira zitalowana. Thonje lichuluke kuposa luzi. Potani ulusi uwiri payokhapayokha ndi kamtengo kopotera, kenaka muuphatikize ndi kuupota chobwerera, kuti chingwe chisamasuke.

Mapesi a thonje okha musawasunge. Azuleni ndi kuwatentha pa nthawi yake, pakuti ndimo mubisala mbozi zoononga thonje la chaka chamawa.

Potani m'chilimwe, ntchito ya kumunda itachepa, kuti pofika nthawi yothyola fodya chingwe chikhale chili m'nyumba. Onetsani Mlangizi wanu chingwe choyamba musanapote chambiri.