Njira ya ku Madrasa Ikhale ya Mthunzi ndi Mtendere

Akaweruka kusukulu masana, ana athu a ku Salima ndi ku Nkhotakota amanyamula majuzu awo ulendo wa ku madrasa. Ambiri amayenda m'mbali mwa msewu wa M5, momwe mumathamanga malole, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Pobwerera, Magharibi atayandikira, dalaivala sangamuone msanga mwana wovala zakuda.

Ife makolo tiwaphunzitse kuyenda kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto zikubwerazo, pakuti m'Malawi muno galimoto zimayenda kumanzere. Asanawoloke aime, ayang'ane kumanja, kumanzere, ndi kumanjanso. Ang'onoang'ono asapite okha. Mabanja oyandikana azisinthana kuwaperekeza. Tisawapanikize atatu pa njinga yamoto imodzi.

Tilambulenso tinjira ta m'mudzi kuti ana azilambalala msewu waukulu. Mvula ikayamba mu Disembala, tibzale mango ndi nimu m'mbali mwa tinjirato, ndipo tiitchingire kuti mbuzi zisadye. Mtumiki Muhammad (SAW) anatiphunzitsa kuti kuchotsa chopweteka panjira ndi sadaka, chimodzimodzinso kubzala mtengo umene anthu ndi mbalame adzadyako.

Nkhaniyi tikaitule ku komiti ya mzikiti Lachisanu likudzali, Insha Allah.