Seramiki ndi pulasitiki zakumana popanda ng'anjo

Woumba mbiya ndi injiniya wopanga tizipangizo ta m'foni amamvera lamulo limodzi: ufa wa dothi kapena wa miyala sugwirana zolimba popanda moto waukulu. M'mafakitale, seramiki amamuwotcha pa madigiri oposa 1,000 kwa maola ambiri kuti timibulu take tilumikizane. Pulasitiki sangapirire motowo. Ngakhale PTFE, yemwe amamatidwa m'mapoto kuti chakudya chisakakamire, amasungunuka pa madigiri 327. N'chifukwa chake ofuna kusakaniza ziwirizi ankangowaza ufa wa seramiki m'phala la pulasitiki, timibuluto n'kukhala motalikirana, mphamvu zake zambiri n'kutayika.

Mu 2016 gulu la Clive Randall pa yunivesite ya Penn State ku America lidalengeza njira yomwe lidaitcha cold sintering. Ufa amaunyowetsa ndi timadontho ta madzi kapena ta asidi wofooka, amauthira m'chikombole chachitsulo, n'kuufinya kwadzaoneni uku akuutenthetsa pa madigiri osapitirira 300. Pomwe timibulu tapanikizana, madzi aja amasungunula m'mbali mwake pang'ono. Zosungunukazo zimakaundana m'mipata, madzi n'kuuluka, ndipo chimatsala ndi chinthu cholimba gwa. Amene adapezapo mchere utaundana m'botolo nthawi ya dzinja waona kale chiyambi cha ntchitoyi.

Ambiri amatamanda njirayi chifukwa siidya magetsi ambiri. Nzoona, koma chachikulu n'chakuti pulasitiki tsopano angathe kukhala m'malire a timibulu ta seramiki osapsa. Jing Guo ndi anzake a m'gululi adaphatikiza seramiki wotchedwa lithium molybdate ndi PTFE pa madigiri 120 okha, n'kupeza chinthu choyenera pa zipangizo za mafunde a wailesi. Adayesanso seramiki wodutsitsa lithium pamodzi ndi pulasitiki wofewa, maso ali pa mabatire opanda madzi m'kati. Pambuyo pake seramiki wa zinc oxide wosakaniza ndi PTFE adasonyeza khalidwe la tizipangizo totchinjiriza makina magetsi akabwera mopyola muyeso. Ku Oulu, m'dziko la Finland, gulu la Heli Jantunen lidali litalimbitsa kale lithium molybdate ndi madzi mu 2014, popanda kumutenthetsa pofinya.

Mavuto alipo ndithu. Si seramiki aliyense amene amasungunuka bwino m'madzi: barium titanate amataya barium yekha n'kusiya titanium, choncho amafuna mankhwala ena. Komanso zambiri zomwe zapangidwa mpaka pano ndi timabulungwa tating'ono ta mulabotale, chifukwa kufinya chinthu chachikulu mofanana mbali zonse kumafuna makina amphamvu zedi.